Madzi Otsukira Mbale Apite Kuti?

Akuluakulu adati walira mvula walira matope. Mwambi umenewu umakwanira bwino pakhomo pamene pafika mpopi wa madzi. Tsiku loyamba banja lonse limakondwa, chifukwa mayi wapumula ulendo wa kuchitsime ndipo mtsikana sachedwanso kusukulu chifukwa cha ndowa. Posakhalitsa bambo amagula sinki, mmisiri naimangirira pakhoma la khitchini, naboola khomalo, natulutsa kapaipi kafupi kuseri kwa nyumba. Onse amayesa kuti ntchito yatha. Koma pakapita masabata atatu, kuseri kuja kumakhala chithaphwi chakuda ndi chonunkha, abakha akusambamo, ntchentche zikuzungulira, ndipo mwana wokwawa akuviika manja ake momwemo.

Madzi a m'mipopi oyenda okha kuchokera kumapiri adayamba kufika m'midzi ya m'Malawi mu 1968, pamene anthu a ku Chingale m'boma la Zomba adakumba ngalande ndi manja awo nayalamo mapaipi. Ntchito yotere idafalikira ku Mulanje, ku Phalombe ndi kumaboma ena ambiri. Amene adakonza mipopi ya m'midzi ija ankadziwa kuti madzi otayika amafuna njira yawoyawo, motero pampopi ankamangapo chiguwa cha simenti ndi ngalande yopatutsa madzi. Masiku ano mipopi yalowa m'makomo mwa anthu ambiri m'malo a malonda ndi m'midzi yomwe, koma nzeru ija kawirikawiri imatsalira kumpopi wa pamudzi. Njira yotulutsira madzi ndi yofunika monga momwe iliri njira yolowetsera, ndipo kuikonza sikulira ndalama zambiri. Chimene chimafunika ndi muyeso wabwino ndi dongosolo.

Kuipa kwa chithaphwi cha kuseri kwa nyumba

Madzi amene banja limataya ndi ambiri kuposa mmene limaganizira. Ngati pakhomo patayika ndowa zitatu za malita 20 tsiku lililonse, pamwezi patayika malita 1,800, ndiye kuti migolo 9 ya malita 200. Madzi onsewo akamagwera pamalo amodzi dothi limakhuta, ndipo ngakhale dzuwa la mwezi wa Okutobala silingaumitse malowo.

Madzi amenewa sali oyera. Mumakhala makombo a nsima, mafuta, mamba a nsomba, magazi a nyama ndi litsiro la m'manja mwa aliyense wosamba pasinkipo. Zimenezi zikaola zimaitana ntchentche, mphemvu ndi makoswe. Ntchentche imene yatera pachithaphwi ndi yomwe ija idali kuchimbudzi m'mawa, ndipo masana idzatera pambale ya mwana. Nkhuku ndi abakha amapondamonso, kenaka nakwera pakhonde pamene ana amadyera.

Udzudzu nawo supitirira pamalo ponyowa. Udzudzu wa mtundu wa Culex umakonda madzi akuda ndi onunkha, ndipo umasowetsa anthu tulo usiku. Udzudzu wa mtundu wa Anopheles, umene umafalitsa malungo, umakonda madzi oyererapo odikha padzuwa, monga a pansi pa mpopi wodontha kapena a m'mapondedwe a ziweto. Khomo lonyowa chaka chonse limapatsa malo mitundu iwiri yonseyi. Nyengo yofunda, dzira la udzudzu limasanduka udzudzu wouluka m'masiku pafupifupi 7 mpaka 10. Kuumitsa pakhomo sikulowa m'malo mwa kugona m'neti, koma ziwirizi zimathandizana.

Matenda a kolera adafika m'Malawi mu 1973. Mliri umene udayamba mu Malichi 2022 napitirira mu 2023 udapha anthu opitirira 1,700. Kolera, kamwazi, tayifodi ndi kutsegula m'mimba kwa ana zimayenda njira imodzi: tizilombo tochokera m'chimbudzi cha munthu wodwala timafika m'madzi kapena m'chakudya cha munthu wina. Pakhomo pamatope mpovuta kusesa, ndipo chonyansa chilichonse chimene chagwapo chimasungunuka nkufalikira ndi mapazi mpaka m'nyumba.

Nyumba nayo imavutika. Madzi ogwera patsinde pa khoma amafewetsa maziko, amaitana chiswe, ndipo khoma la zidina limayamba kugumuka chapansi. Eni nyumba ambiri amadabwa kuona mng'alu pakhoma la khitchini lokha, osazindikira kuti mwini mlandu ndi kapaipi ka sinki.

Mmisiri wanzeru amayambira kumapeto

Njira yabwino ya madzi a musinki ili ndi zigawo zinayi. Choyamba ndi sefa ndi paipi yopindika ya kunsi kwa sinki. Chachiwiri ndi paipi yodutsa khoma. Chachitatu ndi kabokosi ka njerwa kogwira mafuta ndi mchenga. Chachinayi ndi dzenje la miyala lomweza madzi m'nthaka. Ngakhale madzi amayambira kusinki, ntchito iyenera kuyambira kudzenje, pakuti malo a dzenje ndiwo amalamula mbali imene paipi idzatulukire.

Dzenje likhale kumunsi kwa nyumba, pamtunda wosachepera mamita 5 kuchokera kumaziko, kuti chinyezi chisabwerere kukhoma. Likhalenso mamita osachepera 30 kuchokera pachitsime kapena pamjigo, kaya ndi wa pakhomopo kaya ndi wa anansi, ndipo likhale kumunsi kwake. Pansi pa dzenje pakhale pamwamba pa madzi a m'nthaka ndi mita imodzi ndi theka. Amene amadziwa kuya kwa madzi amenewa ndi okumba zitsime a m'deralo, ndipo muyeso wodalirika ndi wa nyengo ya dzinja, pamene madzi amakwera.

Lamulo la mtunda wa chitsime lidagulidwa ndi miyoyo ya anthu. Mu 1854, mumzinda wa London, kolera idapha anthu opitirira 600 m'dera limodzi lozungulira msewu wa Broad Street. Dokotala John Snow adafufuza nyumba ndi nyumba napeza kuti ambiri mwa omwalirawo ankamwa madzi a pachitsime chimodzi. Pambuyo pake kudadziwika kuti pafupi kwambiri ndi chitsimecho padali dzenje la zonyansa, ndipo m'dzenjemo mudatayidwa madzi ochapira matewera a khanda lodwala. Madzi a m'dzenje adadutsa m'nthaka nalowa m'chitsime.

Malo akasankhidwa, dothi liyesedwe. Mwini nyumba akumbe kadzenje ka masentimita 30 m'lifupi ndi m'litali, kozama ndithu, akadzaze madzi madzulo, ndipo m'mawa mwake akadzazenso. Ngati madzi a ulendo wachiwiri amwera m'maola ochepa, dothilo ndi labwino. Ngati dzuwa lilowa madzi akadali chiimire, dzenje la miyala silidzagwira ntchito pamenepo. Dothi la mchenga limamwa msanga, katondo amamwa pang'onopang'ono, koma makande ndi dothi la kudambo zimakana madzi.

Zipangizo zofunika

Sinki ya kukhitchini imafuna paipi ya pulasitiki ya mamilimita 40, imene m'sitolo amaitcha ya inchi imodzi ndi theka. Beseni losambira m'manja limakwanira ndi ya mamilimita 32. Paipi ya mamilimita 40 isatalike kupitirira mamita 3. Ngati mtunda uli wotalikirapo, agule ya mamilimita 50. Yokwirira pansi kuchokera pakabokosi kupita kudzenje ndi bwino ikhale yaikulu, ya mamilimita 110 kapena kuti mainchesi anayi, chifukwa siitsekeka wamba.

Pafunikanso sefa ya pabowo la sinki pamodzi ndi mphira ndi nati yake, paipi yopindika imene amisiri amaitcha thirapu, zolumikizira zokhota, zomangira paipi kukhoma, ndi guluu wa mapaipi a pulasitiki. Zida ndi sowo yodulira zitsulo, tepi yoyezera, levulo, nyundo ndi tchizulo, sandipepa, khasu, piki ndi fosholo. Zomangira ndi njerwa zootcha, mchenga, simenti pang'ono, ndi miyala yambiri. Wogula atenge sefa ya sinki yake popita kusitolo, kuti thirapu aiyeze pomwepo, chifukwa zolumikizira za makampani osiyana nthawi zina sizigwirizana.

Kunsi kwa sinki

Sefa imalowa pabowo kuchokera pamwamba. Kunsi kwake kumalowa mphira, kenaka nati yomanga. Nati imangidwe mokwanira kuti mphira ikhale bwino, koma osaikakamiza, pakuti nati ya pulasitiki imang'ambika.

Pansi pa sefa pamabwera thirapu. Ina imakhala yopindika ngati chilembo cha U, ina imaoneka ngati kabotolo, koma ntchito yake ndi imodzi. Nthawi zonse imasunga madzi pang'ono, akuya masentimita 5 mpaka 7.5, ndipo madzi amenewa ndiwo chitseko choletsa fungo, mphemvu ndi tizilombo tina kukwera kuchokera kunja. Nzeru imeneyi ndi yakale ndithu. Mu 1775, Alexander Cumming, mmisiri wa mawotchi wochokera ku Scotland amene ankagwira ntchito ku London, adalembetsa chimbudzi cha madzi chokhala ndi paipi yopindika yotere. Amisiri ena, pofuna kuchepetsa mtengo, amasiya thirapu naika paipi yowongoka. Khitchini yotero imanunkha dzenje, ndipo chakudya chimakonzedwa pafupi ndi khomo la mphemvu.

Thirapu siimatidwa ndi guluu. Imamangidwa ndi manati ake pamanja, kuti tsiku lotsekeka ithe kumasulidwa ndi kutsukidwa.

Kutsetsereka kwa paipi

Madzi saiwala khwawa, ndiponso sakwera phiri. Paipi iliyonse yogona iyenera kutsika masentimita 2.5 pamita iliyonse. Paipi ya mamita 2 itsike masentimita 5, ya mamita 6 itsike masentimita 15. Ikagona mopanda kutsika, madzi amadikha mkati, mafuta amaundana, ndipo imatsekeka. Ikatsetsereka mopitirira muyeso pafupi ndi sinki, madzi othamanga amatha kukoka madzi aja a muthirapu, chitseko cha fungo nkutseguka.

Pali njira yapafupi yoyezera. Mmisiri atenge thabwa lowongoka la mita imodzi, ndipo kunsonga imodzi akhomere kathabwa kochindikala masentimita 2.5 chakunsi. Akaligoneka pamwamba pa paipi kapena pansi pa ngalande, mbali ya kathabwa ikhale kumunsi, ndipo levulo ikhale pamwamba pa thabwalo. Kathovu ka mulevulo kakaima pakati, kutsetsereka kwakwanira.

Kuboola khoma ndi kulumikiza

Bowo la pakhoma likhale kunsi pang'ono kwa potulukira pa thirapu, malinga ndi muyeso uja wa kutsika. Asanagwire nyundo, mmisiri aonetsetse kuti mkati mwa khomalo simudadutse waya wa magetsi kapena paipi ya madzi akumwa. Bowo likhale lokulirapo pang'ono kuposa paipi, ndipo lipendekere kunja.

Paipi idulidwe mowongoka, ndipo nsonga yake ipalidwe ndi sandipepa kuti pasatsale timizere togwira zinyalala. Zidutswa zonse ziyambe zalumikizidwa popanda guluu, kuti aone ngati zikukwanira ndi kutsetsereka bwino. Zikakhala bwino, alembe kamzera pamfundo iliyonse kosonyeza mmene zidakhalira, kenaka azimasule ndi kumata imodzi imodzi. Popaka guluu pakhale pouma ndi poyera. Guluu apakidwe kunja kwa paipi ndi mkati mwa cholumikizira, ziwirizo zilowetsedwe msanga ndi kupotoza pang'ono kufikira timizera tija titakumana, ndipo zigwiridwe kwa theka la mphindi. Guluu ameneyu amagwira mofulumira ndipo salola kukonza cholakwika. Fungo lake limapweteka mutu, ndiponso amayaka moto, motero mazenera atsegulidwe ndipo mbaula, nyali ndi fodya zikhale kutali. Malangizo a pachitini amanena nthawi yodikira madzi asanathiridwe. Kudikira usiku wonse ndiko kopanda chikaiko.

Zokhota zichepe monga momwe kungathekere, chifukwa zinyalala zimaima pokhota. Pokhota pamene paipi itembenukira pansi kunja kwa khoma ndi bwino kuikapo cholumikizira chokhala ndi chotsekera chomasula, cholowetsera waya pa tsiku lotsekeka. Paipi yogona imangidwe kukhoma pa theka la mita lililonse kuti isagwe mimba. Mpata wotsala pabowo umatidwe ndi matope a simenti, pakuti khoswe safuna khomo lalikulu. Paipi ya pulasitiki yokhala padzuwa imauma nkuyamba kusweka, choncho gawo la kunja lipakidwe penti kapena litchingidwe.

Kabokosi kogwira mafuta

Chigawo chimene anthu ambiri amachisiya ndi chomwe chimasunga moyo wa dzenje. Mafuta ophikira ndi sopo zikafika m'dzenje zimamata timipata ta dothi monga mmene mayi amazirira pansi m'nyumba, ndipo dzenjelo limaleka kumwa. Mchenga ndi phulusa zokwechera mapoto nazo zimadzaza mipata ya miyala.

Kabokosi kamangidwe ndi njerwa zootcha pafupi ndi potulukira paipi. Kwa banja limodzi, ka masentimita 60 m'litali, 40 m'lifupi ndi 50 kuya kamakwanira. Pansi ndi m'mbali pakhale pulasitala wa simenti wosalala kuti madzi asadonthere kumaziko. Paipi yochokera kusinki ilowe chapamwamba kumbali imodzi. Paipi yopita kudzenje ituluke kumbali inayo, motsikirapo masentimita 5, ndipo mkati mwa kabokosi ikhale ndi chokhota choyang'ana pansi, chimene pakamwa pake pathera pakati pa kuya kwa madzi. Zikatero mafuta amayandama pamwamba, mchenga ndi makombo zimamira pansi, ndipo amene amapitirira ndi madzi a pakati okha.

Kabokosika kamakhala ndi madzi nthawi zonse, motero chivundikiro chake chikhale cholemera ndi chokwana bwino. Chivundikiro chosiya mpata chimasandutsa kabokosi kukhala khola la udzudzu, ndipo chopepuka mwana amachitukula.

Ngalande ndi dzenje

Ngalande ya paipi yaikulu ikumbidwe mowongoka, motsata chingwe chomangidwa pazikhomo, ndipo itsike masentimita 2.5 aja pamita iliyonse. Pansi pake pathiridwe mchenga kuti paipi isagone pamwala. Mbali yotambasuka ya paipi iliyonse iyang'ane kumtunda. Pamwamba pa paipi pakhale dothi losachepera masentimita 30, ndipo podutsa ngolo kapena galimoto paipi ikhale yozamirapo ndi yotetezedwa.

Dzenje la mita imodzi m'mimba mwake ndi mita imodzi ndi theka kuya limakwanira sinki ya banja limodzi padothi lomwa bwino. Banja lalikulu, kapena dothi la katondo, lifuna dzenje lokulirapo. Lidzazidwe ndi miyala yoyera yopanda dothi, yaikulu ngati mutu wa munthu pansi, yaing'ono ngati nkhonya chapamwamba. Zidutswa za njerwa zootcha bwino zingathandize kumene miyala ndi yosowa. Paipi ifike pakati pa dzenje chapamwamba, ndipo pakamwa pake pazunguliridwe ndi miyala ikuluikulu yosiya mpata kuti pasatsekeke. Pamwamba pa miyala payalidwe malata akale, masaka kapena pepala lolimba la pulasitiki loletsa dothi kugwera mkati, kenaka pathiridwe dothi la masentimita 30 ndi kulitsendera. Dothilo litumphuke pang'ono ngati mtumbira kuti madzi a mvula azipatuka. Madzi a padenga asalowetsedwe m'dzenje limeneli, chifukwa mvula ya tsiku limodzi ingalidzaze.

Masiku onse okumba, dzenje lisagone chotsegula. Litchingidwe ndi mitengo ndi malata madzulo alionse. Mwana wamng'ono angamire ngakhale m'madzi osafika m'mawondo a munthu wamkulu.

Anthu ena amaona kuti nkwapafupi kulozetsa paipi m'chimbudzi cha dzenje. Kutero nkulakwa kwakukulu. Madzi ambiri amadzaza chimbudzi msanga, amafewetsa makoma a dzenje kufikira chimbudzi chitatitimira, amakankhira zonyansa kutali m'nthaka, ndiponso amachisandutsa malo oswanirana udzudzu. Kulozetsa paipi kumsewu kapena kumpanda wa mnansi nakonso nkusamutsa vuto chabe, ndipo ana a makomo onse awiri amasewera pabwalo limodzi.

Kumene dothi limakana madzi

Kumalo a makande, kumadambo, ndi kumadera a m'mbali mwa nyanja kumene madzi a m'nthaka ali pafupi, dzenje lakuya silithandiza. Kumeneko madzi amwazidwe chapamwamba. Akumbe ngalande yaitali ya mamita angapo, yakuya ndi yotambasuka theka la mita, aidzaze miyala, ayalemo paipi yoboolaboola kunsi kwake, ndipo aikwirire monga dzenje lija. M'mbali mwake abzale nthochi, nzimbe kapena mapapaya, mbewu zimene zimamwa madzi ambiri ndipo chakudya chake chimakhala pamwamba, kutali ndi dothi. Madzi amenewa asathiriridwe ndiwo zamasamba kapena zina zodya zosaphika. Lamulo la mamita 30 kuchokera pachitsime silisintha.

Kuyesa ntchito

Ngalande isanakwiriridwe, njira yonse iyesedwe. Atseke sinki, aidzaze madzi, kenaka atsegule kuti onse atsike nthawi imodzi. Munthu mmodzi ayendetse nsalu youma kapena pepala pamfundo iliyonse ya kunsi kwa sinki, wina ayang'ane pakabokosi ndi kudzenje. Nati ikadontha, kawirikawiri ndi mphira imene yakhala mopendama, ndipo kuimasula ndi kuikhazika bwino kumathetsa vuto. Mfundo ya guluu ikadontha, idulidwe ndi kuikapo ina. Kuikulunga ndi mphira ya njinga kumangobisa vuto kwa masabata ochepa.

Kasamalidwe ka tsiku ndi tsiku

Njira ya madzi imakhalitsa malinga ndi zimene zimaloledwa kulowamo. Makombo a nsima, makoko a mumphika, minga ya nsomba ndi masamba a tiyi zipalidwe kaye m'mbale ndi kupita kudzala kapena kukhola. Mafuta otsala m'chiwaya asathiridwe musinki. Mapoto okwechedwa ndi mchenga kapena phulusa atsukuluzidwe kaye m'beseni panja. Madzi owira adikire kaye kuzizira, popeza amafewetsa paipi ya pulasitiki.

Sabata iliyonse kabokosi katsegulidwe, mafuta a pamwamba ayengulidwe, matope a pansi achotsedwe ndi chitini, ndipo zonsezo zikwiriridwe. Wogwira ntchitoyi asambe m'manja ndi sopo akamaliza. Sinki ikayamba kutsitsa madzi mochedwa, aike ndowa pansi pake, amasule thirapu, aitsuke ndi kuibwezera. Soda woyaka amene ena amathira mupaipi amawotcha khungu, amachititsa khungu akalowa m'maso, ndipo mwana akamumwa amapsa kummero koopsa. Manja ndi waya zimatha ntchito yomweyo popanda ngozi.

Pali zinthu zimene siziyenera kulowa musinki ya kukhitchini konse. Madzi ochapira matewera, ndi madzi otsukira zovala kapena ziwiya za munthu wotsegula m'mimba ndi wosanza, apite m'chimbudzi. Mankhwala opopera mbewu, mankhwala osambitsira ziweto, parafini ndi oilo wakale zisathiridwe musinki kapena m'dzenje, pakuti dothi silizisefa ndipo zimatha kufika kumadzi akumwa.

Dzenje lililonse limatopa pakapita zaka. Chizindikiro chake ndi chinyezi pamwamba pake, fungo, kapena madzi osefukira pakabokosi. Likatero, miyala ichotsedwe ndi kutsukidwa, m'mbali mwa dzenje mupalidwe, kapena dzenje lina likumbidwe pambali pake.

Makomo opanda sinki

Mabanja ambiri m'midzi amatsukira mbale panja ndi madzi a m'ndowa. Iwonso nkhaniyi ikuwakhudza, pakuti chithaphwi cha patsinde pa thandala ndi chimodzimodzi ndi cha kuseri kwa khitchini. Kadzenje ka theka la mita kodzazidwa miyala pansi pa thandala kamamwa madzi odontha m'mbale. Chiguwa chaching'ono cha njerwa, chopendekera kukangalande kopita kudzenje la miyala, chimaumitsa potsukira. Madzi otuluka kubafa la udzu amafunanso dzenje lawo. Zonsezi sizifuna paipi kapena guluu. Khasu, miyala ndi tsiku limodzi la ntchito nzokwanira.

Safunsa adadya phula

Wokhala m'nyumba ya lendi apemphe chilolezo cha mwini nyumba asanaboole khoma. Wokhala m'tauni afunse ku khonsolo, chifukwa kumene kuli mapaipi aakulu a zonyansa kapena thanki ya chimbudzi cha madzi kuli malamulo ake a kalumikizidwe, ndipo ntchito yotero ndi ya pulambala wodziwa. Kumudzi, mlangizi wa zaumoyo wa pachipatala chaching'ono angathandize kusankha malo a dzenje ndi kuyeza mtunda wa chitsime. Alangizi amenewa ntchito yawo idakula chifukwa cha kolera ya mu 1973, pamene boma lidalemba anthu oyenda m'midzi kuthandiza kuthana ndi matendawa, ndipo ukhondo wa pakhomo ndi gawo la ntchito yawo kufikira lero.

Ngati pakhomo wina wayamba kale kutsegula m'mimba, ayambe kumwa madzi a ORS nthawi yomweyo ndipo atengeredwe kuchipatala msanga, makamaka akakhala mwana wamng'ono kapena akamatsegula zamadzimadzi pafupipafupi. Mwana wotentha thupi akayezedwe malungo tsiku lomwelo. Koma kupewa kumaposa kuchiza. Nthawi yabwino yokumba dzenje ndi kuyala mapaipi ndi miyezi ya chilimwe, dothi likadali louma, kuti mvula yoyamba ikamagwa ipeze madzi otsukira mbale ali ndi njira yawo kale, ndipo kuseri kwa nyumba kukhale malo amene mwana angakwawepo.